Shelefu ya a Gilibati

A Gilibati Kamwendo ndinawadziwira m'minibasi ya ku Mitundu, akupempha kondakitala nyuzipepala imene anapukutira galasi. Ndinachita manyazi m'malo mwawo. Ine ndinkaphunzitsa ku Nathenje, iwo pasukulu ina yoyandikana ndi esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu. Tonse tinalowa ntchito mu 1994, sukulu itakhala yaulere, ana atasefukira ndipo buku limodzi likugwiridwa ndi manja khumi.

Munthuyu sankadutsa pepala lolembedwa. Makalendala akale, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, nyuzipepala zokulungira zitumbuwa, zonse ankatola n'kusunga m'katoni m'kalasi. Akazi awo, mayi Esitere, ankati anakwatiwa ndi chiswe.

Mu 2003 m'kalasi mwawo, Sitandade 3, munali mtsikana wa zaka 15 dzina lake Anna, mwana wa tenanti wochokera ku Mulanje. Anayamba sukulu mochedwa chifukwa chosamukasamuka. Akati awerenge, tiana tinkamuseka, ndiye anangotseka pakamwa. Makolo ake anali oti abwerera kwawo akangogulitsa fodya, ndipo a Gilibati ankadziwa kuti akachoka asanadziwe kuwerenga, sukulu yathera pomwepo.

Atamva kuti pa intaneti pali tsamba losonkhanitsira aphunzitsi nkhani zowerenga, anandikoka Loweruka lina kupita ku Lilongwe, kumalo a makompyuta a mayi wina wotchedwa Zipora. Mayiwo anatitsegulira tsambalo. Umasankha nkhani n'kuziika pamalo ako, amene tsambalo linkawatchula kuti shelefu.

Tsambalo linafunsa zaka za wowerenga. A Gilibati, osadziwa kunama, analemba 15. Kunabwera Chingerezi choti ngakhale ine ndinayamba kukanda m'mutu. Anafufuta n'kulemba 8. Kunabwera bakha wovala nsapato.

"Mtsikana wosenza mtolo wa fodya ndikamupatse bakha?" anatero.

Analemba mawu oti Chichewa m'kabokosi kofufuzira. Sikunabwere kanthu, ngakhale kamodzi. Apa ine ndinapsa mtima ndithu. Dziko lonse lalemba, ife mulibemo!

Iwo sanadandaule. Anasankha nkhani khumi zooneka bwinoko, kenaka anaimirira n'kukonza jekete.

"Mayi, ndipatseni shelefu yanga ndizipita."

Mayi Zipora anaseka mpaka kugwira tebulo. "Aphunzitsi, shelefuyo imatsala momwemo. Mukaitsegule pa kompyuta ya kusukulu kwanu."

Kusukulu kwawoko kunalibe ngakhale waya wa magetsi. Makina osindikizira a mayiwo anali atatsala ndi inki yokwanira tsamba limodzi, mwina awiri.

A Gilibati anakhalanso pansi. Pakona ya tsambalo anaona poti mphunzitsi angathe kuikapo nkhani yakeyake. Anayamba kulemba ndi chala chimodzi, akusaka chilembo chilichonse ngati nkhuku yotola mapira. Mizere khumi ndi iwiri inawatengera ola lathunthu. Inali nkhani ya mtsikana wothandiza makolo ake kusoka fodya, kumupachika m'chigafa, ndi kumutsitsa akauma. Imeneyo ndiyo anasindikiza, nkhani khumi zija n'kuzisiya.

Zotsatirazi anandiuza okha. Lolemba ana ena atatuluka kukasewera, anamupatsa Anna pepalalo osanena kuti walemba ndani. Linali lotayipa bwino, looneka ngati lang'ambidwa m'buku. Anna analiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pansi pa mawu, milomo ikugwedera. Atafika mzere wachisanu ndi chinayi anaima.

"Aphunzitsi, bukuli lalakwitsa."

"Pati?"

"Apa. Akuti anatsitsa fodya masana dzuwa likuswa mtengo. Fodya wouma satsitsa masana, amanyenyeka. Timatsitsa m'mawa, chinyezi chisanachoke."

A Gilibati anabadwira pa tawuni ya Mitundu, bambo awo anali telala, ndipo fodya wouma ankangomuona ali pa lole. Akuti nkhope inawatentha, koma mtima unkavina.

"Tawerenga mokweza pamene palakwikapo, ndimve."

Anna anawerenga mzere wonse, mawu amodziamodzi, osaphonya. A Gilibati anamupatsa cholembera, ndipo iye anakhwatcha "masana" n'kulemba pamwamba pake "m'mawa", zilembo zopendekeka.

A Gilibati intaneti sanaikhudzenso. Shelefu ija mwina ilipobe kwinakwake, ndi nkhani imodzi yokha ya Chichewa, yolakwika. A Gilibati anapuma ntchito ndipo amakhala kufupi ndi msika wa Mitundu, akutolabe mapepala.

Anna anachoka mu Ogasiti chaka chomwecho, pa lole ya matenanti. Patapita miyezi inayi kunabwera kalata yochokera ku Mulanje, yopanda dzina la sukulu, yongoti "A Gilibati, Mitundu". Inayenda m'manja ambiri isanawapeze. Inali ya mizere itatu, ndipo womaliza unali wofunsa ngati anthu a buku aja anakonza pamene analakwitsa.