Dzanja limene amuna anga sanalione

Izi si nthano iyayi, ndipo wina asanene kuti ukalamba wandisokoneza mutu, chifukwa ndinalipo ndekha, mwana ali kumsana, dzuwa likuswa mtengo. Ine kulemba sindidziwa, akundilembera ndi mdzukulu wanga, ndipo ndamuuza kuti asathirepo mchere wake. Mayina sinditchula poti abale a anthuwa alipobe.

Inali nthawi ya atsamunda, nkhondo itangotha kumene. Amuna anga anali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni kwa Nsamala, kofolera ndi udzu, ana akukhalira mitengo yogoneka, belu lake chidutswa cha njanji chopachika mumtengo wa mango. Masiku amenewo kunali bambo wina, wakuda ngati ife tomwe, amene ankayendera masukulu pa njinga. Ntchito yake inali kukhala pakona phee, kuonerera mmene mphunzitsi akuphunzitsira, kenako n'kumuitanira panja kukamuuza zoti akonze. Ulendo wake woyamba anapeza sukulu yotseka, amuna anga ali kumaliro, ndiye anasiya mawu oti akadzapezanso chomwecho ntchito yatha. Nanga ife tikanalowera kuti, anthu obwera, opanda ndi kamunda komwe?

Tsiku lina mbandakucha tinamva kulira kutsidya kwa dambo. Kamtsikana kena ka pasukulupo, kachibwibwi, kamene kankakhala kumbuyo pafupi ndi mzati, kanali katatisiya ndi malungo. Mukudziwa inu mwambo wathu, maliro akagona m'mudzi khasu siligwiridwa, mtondo sulira, nanga belu? Koma m'mawa womwewo kunafika uthenga woti oyendera aja agona pasukulu yoyandikana nafe ndipo ali m'njira. Amuna anga anayamba kulowa ndi kutuluka ngati nkhuku yofuna kuikira, kuvala jekete, kuvula, kuvalanso. Ine ndinawachonderera kuti akangowauza alendowo zoona, nawonso ndi munthu, kwawo kumagwa maliro. Anandiyankha kuti chaka chatha chonamizira chinali maliro, chaka chino maliro, ndani angakhulupirire? Basi anatenga chitsulo n'kukamenya njanji ija, pang'onopang'ono ngati wakuba, koma chitsulo chilibe manong'onong'o. Kutsidya kuja kulira kunaduka kaye.

Ana a tsidya lino anabwera, poopa ndodo, akuyenda ngati opita kukabayitsa jakisoni. Oyendera aja anatulukira njira ya kumtunda, yosadutsa kusiwa, ndipo palibe anawauza kanthu. Ine ndinawapatsa madzi, koma m'malo mobwerera kunyumba ndinaima pazenera la kalasi. Anawo anapanikizana kutsogolo, malo a pamzati aja anawasiya, palibe anafuna ngakhale kuwayang'ana. Amuna anga anaphunzitsa thukuta lili kamukamu, choko chikuthyoka m'manja. Anafunsa dzina la mtsinje wotuluka m'nyanja ya Malombe, funso loti ndi ine ndemwe wosalowa m'kalasi ndikanayankha kuti Shire, koma ana onse anangoti ndwii. Anabwereza, kubwerezanso, mpaka anadziyankha okha. Chimene chinandidabwitsa, mlendo uja maso ake sanali pa bolodi, ankangocheukira kumzati.

Atatuluka anakakhala pansi pa mango, ine ndikunamizira kutola makapu. Mlendoyo anayamba ndi zabwino, akuti mawu amamveka, zolemba pa bolodi n'zowongoka. Kenako anati pali chilema chimodzi chachikulu, choti aphunzitsi amangoona ana akutsogolo, ndipo ananena mawu amene mpaka lero amandilira m'khutu.

"Kamtsikana kaja ka pamzati, ka chipsera cha moto padzanja, kanakweza dzanja kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza. Bwanji simunakaloze?"

Makapu anandipulumuka. Chipsera chimenecho ndinkachidziwa, ndinkakathira mankhwala ndine katagwera pamoto. Amuna anga asanayankhe ndinanena ndine kuti mwana ameneyo wagona pamphasa kutsidya, adzukulu akukumba manda. Bamboyo anayamba waseka poganiza kuti tikumunamiza, ataona nkhope zathu anavula chipewa n'kunena kuti timuperekeze kusiwa. Kumeneko atsibweni a mwanayo anatilandira ndi mawu olasa, akufunsa ngati sukulu yaweruka bwino, ngati belu lija linali loitana amoyo kapena akufa. Mlendoyo anapempha kuona nkhope, amayi anavundukula nsalu, ndipo munthu wamkulu wa tayi uja anangokhala pansi pafumbi, osapempha mpando.

Ntchito sanawachotse. Ponyamuka anangoti adzabweranso kudzaona ngati aphunzira kuyang'ana kumbuyo. Kwa anamfedwa tinakapepesa ndi nkhuku, koma mtendere m'nyumba munalibe. Amuna anga chakudya chinkawakanika, akakhala pansi adzuka, akalowa m'kalasi atuluka, ndipo anandiululira kuti chaka chonse mwanayo ali moyo ankakweza dzanja, iwo n'kumamudumpha dala poti chibwibwi chake chinkachedwetsa phunziro ndipo anzake ankaseka.

Tsiku lometa litadutsa, masana ana ataweruka, anandipempha kuti ndiwaperekeze kusukulu. Anaima kutsogolo, anafunsa funso lomwe lija la mtsinje, analoza pamzati, n'kunena mofatsa.

"Yankha mwanangu, usafulumire, ndikudikira."

Tinadikira nthawi yaitali, mwana kumsana ali chete ngati naye akumvetsera. Sindikunamizani kuti tinamva mawu, sitinamve kanthu. Koma amuna anga anagwedeza mutu n'kunena kuti wakhoza, ndipo tsiku limenelo anadya n'kugona.

Ena amati mlendoyo anamva za maliro panjira n'kufuna kuwaphunzitsa amuna anga mwambo. Nanga chipsera anachidziwa bwanji, nanga pafumbi paja anakhaliranji? Ine ndimakhulupirira kuti mwanayo anamva belu n'kubwera monga mwa masiku onse, kudzayesa komaliza ngati angamuloze. Tsono inu aphunzitsi a lero, akabwera okuyenderani musamawabise zoona, maliro akagwa belu lizikhala chete, ndipo mwana wa kumbuyo akakweza dzanja mulozeni akadali moyo.