Mano atatu a akulu anga

Ine ndinamenyapo munthu kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo munthuyo anali akulu anga, obadwa nawo bere limodzi. Chibakera chinali chimodzi, mano anagwa atatu. Mpaka lero kwathu ku Mwase ena amati ndili ndi dzanja loipa, ine woti ndikamapha nkhuku ndimayang'ana kumbali.

Kale akuluwo anali chimunthu champhamvu. Ankamanga matumba awiri a nshawa panjinga, kupalasa mpaka ku boma, pobwerako n'kulowanso m'munda. Nzimbe ankasenda ndi mano. Kenaka anapeza ntchito yoyendetsa minibasi ya ku Chipata, miyendo n'kuiwala ntchito yake. Tsiku lonse pampando, fodya kukamwa, botolo la zotsekemera pambali. Mimba inayamba kutsogola. Akaluma chimanga chootcha, pachitsononkho pankatsala magazi, ndipo okwera kutsogolo ankatsegula windo ngakhale mu Juni chifukwa cha fungo la m'kamwa mwawo.

Tonse tinkangoti pakamwa tseke, poti akuluwo sankachedwa kutukula dzanja. Amene analimba mtima anali alamu anga, akazi awo. Anawauza mwaulemu kuti akaonetse nkhama zawo kuchipatala, ndipo yankho lake linali lamba wa injini pamsana. Kuyambira pamenepo kumenya kunasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Amama akamva kukuwa ankangoti za m'banja salowerera.

Ine ndinkagwira ntchito kutali, ndipo sabata ina ndinabwera kutchuthi. Loweruka masana ndikutong'ola chimanga pakhonde, alamu anatuluka m'nyumba akuthamanga, akulu ali pambuyo ndi mpini wa khasu. Anawapezera pankhokwe. Mpini woyamba unagwera pamsana, wachiwiri pamkono umene anatchinga nawo mutu, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ngati nkhuni youma. Mlandu wake unali wakuti alamu anawapatulira kapu yawoyawo yomwera madzi, kuti ana asamamwere pamodzi nawo.

Sindikumbuka m'mene ndinadzukira. Ndinangoona akulu ali chagada, magazi akuyenderera m'ndevu, mano atatu ali m'fumbi, aataliatali, mizu yake yakuda. Anadzambatuka n'kundikhapa ndi mpini uja pamwamba pa khutu, tinagwirana pakhosi, tinagubuduzana m'chimanga mpaka amuna anayi anatilekanitsa. Amama anandilavulira kumaso, ati ndagulula mano a mkulu wanga chifukwa cha mkazi wobwera. Akulu analumbira, mawu akutuluka ndi thovu lofiira, kuti ndikaolera m'ndende. Ndinachita mantha, sindinama.

Tonse atatu anatitengera kuchipatala cha ku boma. Mayi woona za mano anawayasamitsa akulu, n'kukhudza mano otsalawo ndi chala. Onse ankagwedera. Anawafunsa ngati amatsuka m'kamwa, ngati amasuta, ngati anapimitsapo shuga, ndiponso kuti ndi liti pamene anayendapo pansi mpaka kutuluka thukuta. Akulu anangoyang'ana kudenga. Mayiyo anati chiseyeye chimadya nkhama mwakachetechete, ndipo chimakonda kukula mwa anthu ongokhala kusiyana ndi amene thupi lawo limagwira ntchito, ngakhale mswachi sulowedwa m'malo ndi khasu.

"Aya mano yanali yasila kale, yanaola, adada," anatero. "Chibakela changothandizila chabe. Ngakhale nzimbe sembe inayachotsa."

Za kupolisi zinathera pomwepo, chifukwa akulu sanafune kuti kunja kumveke kuti m'kamwa mwawo munaola. Ine mtima unakhala pansi, ndipo kunena zoona ndinayamba kudzimva ngati mwamuna. Ndinapita kumene alamu ankawaika chikhakha pamkono, mutu wanga uli ndi bandeji, n'kuwauza monyadira kuti tsopano apume, munthu uja waphunzira, sadzawakhudzanso.

Alamu anandiyang'ana ngati akuyang'ana mwana wonyadira kuti wapha chiwala.

"Yewo, alamu," anatero chapansipansi. "Koma imwe Mande mubwelela ku nchito kwanu. Aja samenya na mano."

Lolemba m'mawa ndinakweradi basi. Ndinawasiya alamu atagwada pakhomo, akuziziritsa phala la amuna awo ndi dzanja lamanzere.