Nsomba Yowola Inandiulula

Inu owerenga, ine ndinachitapo chinthu chopusa kwambiri. Lero ndimaseka ndikachikumbukira, koma chikanatha kuphetsa munthu wosalakwa. Ndinalowa mumsika wodzaza ndi anthu ndili ndi matenda a korona, chifukwa chochita manyazi kuuza anansi anga kuti m'nyumba mwathu chakudya chatha. Ndikufotokozereni mmene zinayendera kuti wina asadzachitenso zimenezi.

Ndimakhala ku Chawama mu Lusaka muno, koma kwathu ndi ku Katete. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndimapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, Dalitso ndi mlongo wake Mphatso. Nthawi imene ndikunenayi zinthu zinali zitathina kale. Kwacha inkangogwa, mitengo ya unga ndi mafuta ophikira inkakwera sabata ndi sabata, magetsi nawo ankathimathima, ndipo wowotcherera wopanda magetsi ndi lova. Kugula thumba la unga tinali titaiwala. Tinkagula pamela, kaja kaunga komanga m'kapulasitiki kongokwana tsiku limodzi. Choncho m'nyumba mwathu chakudya sichinkagona.

Munali m'nyengo yozizira pamene mkazi wanga, amake Dalitso, anayamba kutentha thupi ndi kutsokomola. Ine ndinangomva kamutu ndi kachimfine. Titapita kukiliniki anatiyeza, ndipo tonse awiri anatipeza ndi kachilomboko. Anesi anati popeza mkazi wanga akupuma bwinobwino, tibwerere kunyumba, koma tisatuluke kubwalo kwa geti, ana omwe, mpaka atatiuza okha. Anawonjezera kuti tipeze munthu woti azitigulira zinthu n'kumatisiyira pageti.

Apa m'pamene ndinasochera. Masiku amenewo anthu ankaopa matendawa ngati khate. Banja lina la mumzere mwathu litadwala, anthu ankalambalala nyumba yawo ngakhale atachira. Ndinadzifunsa kuti zikamveka, ndani adzabwerenso kudzaitanitsa geti kwa ine? Ndinakhoma geti ndi loko, n'kutseka makatani onse, ana ndinawaletsa kuchita phokoso. Kenako ndinaimbira foni mnansi wathu wa kuseri kwa khoma, ba Tembo, n'kuwanamiza kuti tapita kumudzi kukaona amayi.

Mkazi wanga anandidandaulira kuti tiuze amayi anzake a chilimba, gulu lija amasonkherana kandalama mwezi ndi mwezi. Anatchula makamaka bana Mulenga, mayi wachikulire wogulitsa nsomba pamsika, amene ankamutenga ngati mwana wawo. Ine ndinakana. Ndinati mwamuna sapempha chakudya kwa akazi a eni, ndipo foni yake ndinaiika m'thumba mwanga.

Sipanapite nthawi, zonse zinatha. Tinadya tinyemba totsala, kenako phala lopanda shuga, kenako makala nawo anatha. Mphatso anayamba kulira njala. Mkazi wanga akamwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu ankasanza, ndipo ankafookerafookera ndikuona. Mtima unandipweteka, koma m'malo mogogoda khoma la ba Tembo, ndinaganiza zodzisintha maonekedwe.

M'mawa wina mkazi wanga akadali mtulo, ndinavala chijekete chachikulu, chisoti ndinachitsitsa mpaka m'makutu, masiki kukamwa, m'maso ndinavala magalasi anga akuda owotcherera aja. Ndinatenga basiketi ya mkazi wanga yokagulira zinthu, n'kulumpha khoma lakumbuyo ngati mbava pakhomo panga pomwe. Ndinkadziuza kuti ine sindikudwala kwenikweni, ndingothamanga n'kubwerako.

Kunena zoona, ine msika wathu sindinkaudziwa. Zaka zonsezi wogula zinthu anali mkazi wanga, ine ndinkangodya. Pakantemba, kagolosale kakang'ono, koyamba ndinagula pamela poloza ndi chala, osatulutsa mawu. Kutsogolo ndinagula tomato ndi repu, ndi kapulasitiki ka makala. Zonse zinayenda bwino mpaka ndinayamba kudziyamikira nzeru. Kenako ndinakumbukira kuti amake Dalitso amakonda nsomba ya buka, ndipo ndinati mwina msuzi wake ungawabwezere mphamvu.

Ndinaima patebulo lina la nsomba pamene panali mayi wachikulire wa duku lofiira. Sindinadziwe kuti amenewo ndiwo bana Mulenga, poti ndinkangowamvera dzina. Pansi pa tebulo panali beseni la nsomba za buka zikuluzikulu zonona. Ndinasintha mawu n'kufunsa mtengo wake. Iwo anati zimenezo sizogulitsa. Ine ndinaganiza kuti asungira kasitomala wina wolemera, ndiye ndinawerama n'kutolapo imodzi. Pofuna kuonetsa kuti nsomba ndimazidziwa, ndinatsitsa masiki, n'kuinunkhiza bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kunena kuti iyi ndiye yabwino, andimangire.

Mayi wa tebulo loyandikana nalo anali atagwira mphuno ndi chitenje. Ntchentche zinali ng'waa padzanja langa. Nsombazo zinali zitawola chifukwa magetsi anathima firiji n'kusungunuka, ndipo ankadikira kukazitaya. Ine sindinamve kafungo ngakhale pang'ono. Sindinkadziwa kuti matendawa anali atanditseka mphuno.

Mayi a duku lofiira aja anandiyang'ana, n'kuyang'ana basiketi, kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Bashi Dalitso, bwezani masiki pamphuno. Iyo nsomba na galu angaikane, imwe simumvela kununkha? Ni korona iyi. Bamake Dalitso bali kuti?"

Ndinayesa kukana. Ndinati andisokoneza ndi munthu wina.

"Basiketi iyo chogwirira chake ninasoka nine," anatero. "Osaninama."

Ndinkayembekeza kuti akuwa, msika wonse undithamangitse ndi miyala. Koma iwo anatsitsa mawu. Anandifunsa matebulo amene ndinaimapo, ndipo ndinawalozera. Anafunsanso ngati mkazi wanga akudya, ine ndinangogwetsa nkhope.

"Yendani kunyumba manje manje. Osaimilila panjila, osapatsa munthu moni. Vakudya vizabwela."

Ndinabwerera ndi manyazi osaneneka. Nditamuuza mkazi wanga zimene ndachita, anadzuka pamphasa ngakhale analibe mphamvu. Sanandikalipire. Anangonena kuti bana Mulenga ali ndi matenda a shuga, ndipo akatenga korona sangapirire. Kenako anatambasula dzanja, ine n'kumubwezera foni yake. Inu owerenga, mawu amenewo anandilasa kuposa chipongwe chilichonse. Ndinali nditapumira pankhope pa mayi wodwaladwala chifukwa chofuna kuteteza dzina langa.

Masana a tsiku lomwelo tinamva kugogoda pageti. Nditasuzumira pakabowo ndinaona wilibala itaimikidwa pakhomo, ndipo tsidya la ngalande kunaima amayi a chilimba aja atavala mamasiki. Muwilibalamo munali unga, botolo la mafuta, thumba la makala, nyemba, kapenta, mandimu ndi jinja. Sanali anthu olemera ayi. Aliyense anangotapa pang'ono pa zimene amagulitsa, m'chaka chimene naye ankavutika. Mmodzi anakuwa kuti odwala ali bwanji, ndipo mkazi wanga anayankha ali pazenera, misozi ikutsika. Koma bana Mulenga panalibe. Anali atatseka tebulo lawo n'kukadzitsekera kunyumba, kuopa kuti ngati ndawapatsira angapatsirenso ena.

Amayi aja asanachoke, pamwamba pa khoma panatulukira mutu wa ba Tembo. Anandifunsa akuseka kuti ku Katete ndabwerako liti, nanga amayi ndawasiya bwanji. Anati ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti tilipo, poti chifuwa cha amake Dalitso chinkamveka mpaka kuchipinda kwawo, koma anaopa kutichititsa manyazi, ndiye ankadikira kuti tilankhule tokha. Kuyambira tsiku limenelo anadzipatsa ntchito yotitungira madzi kumpopi.

Masiku otsatirawo anasanduka ena mwa masiku okoma amene banja langa lakhalapo nawo. Ndinatenga chitsulo chachitali chimene chinatsala pa geti la kasitomala wina, n'kuchipinda kunsonga ngati mbedza. Tinkakoleka ndowa n'kuidutsitsa pamwamba pa geti, wobweretsa zinthu n'kuponyamo osakhudza chilichonse chathu. Ana anaitcha ndowayo kuti shopu. M'mawa uliwonse ankapikisana kulosera zimene zitulukemo. Tsiku lina munali zitumbuwa zotentha, tsiku lina impwa ndi chibwabwa, masamba a maungu aja, tsiku linanso mbatata yowotcha imene sitinadziwe n'komwe amene anaibweretsa.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi limene ba Tembo anaponyamo nkhuku yamoyo, miyendo osaimanga bwino. Ndowa itangofika pamwamba pa geti, nkhuku inauluka n'kutera pamutu panga, kenako inayamba kuzungulira bwalo. Dalitso kuno, Mphatso uko, ine ndi chitsulo changa pakati, nkhuku n'kulowa m'nyumba n'kukabisala kunsi kwa bedi. Mkazi wanga anaseka mpaka kutsokomola, n'kusekanso. Kanali koyamba kumumva akuseka chidwalire. Madzulo ake anamwa msuzi wa nkhukuyo kapu yonse, n'kupempha wina.

Lamulungu amayi a kutchalitchi kwathu anabwera n'kuima patali m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kuimba. Mkazi wanga anakhala pakhomo atafunda bulangeti, akuyankhira ndi timawu tosasa. Anthu odutsa ankaima, ena kuomba m'manja, ndipo mzere wonse unadziwa kuti kwathu kuli korona. Chimene ndinkachiopa kwambiri chija chinachitika poyera, koma palibe anathawa. Ngakhale bambo wa banja lija anthu ankalilambalala anabwera ndi masamba a bulugamu oti tizifukiza, n'kutilimbitsa mtima kuti iwo anachira, nafenso tichira.

Komabe mkati mwa chisangalalo chonsecho ine ndinali ndi mwala pamtima. Tsiku lililonse mkazi wanga akaimbira bana Mulenga, ndinkaima pafupi kumvetsera mmene mawu awo akumvekera. Ndiye m'mawa wina anayankha foni akutsokomola. Anati thupi likuwawa ndipo mwana wawo akuwaperekeza kukiliniki. Tsiku limenelo ndowa inabwera ndi chakudya chabwino, koma ine sindinadye. Ndinakhala pansi kuseri kwa nyumba ndikupemphera ngati mwana, kuti Mulungu asalange mayi ameneyu chifukwa cha uchitsiru wanga.

Chakumadzulo foni inalira. Anali bana Mulenga. Anati awayeza ndipo alibe korona, n'chimfine wamba cha nyengo yozizira. Anatinso amene anandigulitsa pamela, tomato ndi makala onse ali bwino. Inu owerenga, ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga ndinavina pabwalo popanda ng'oma. Ana anandilowerera osadziwa n'komwe chimene tikuvinira, ba Tembo nawo akuimba mluzu pamwamba pa khoma.

Anesi atatimasula, ulendo wathu woyamba unali wa kumsika, ine ndi mkazi wanga. Amayi atangotiona anayamba nthungululu, wina n'kukuwa kuti ba Buka afika. Dzina limenelo landikanirira mpaka lero, ndipo ndimavomera. Ndinapita patebulo la bana Mulenga, n'kuvula chisoti, n'kugwada pamaso pa anthu onse kupepesa. Anandisiya ndigwade kanthawi ndithu. Kenako anandifunsa kuti akanamwalira, ana awo akanadya manyazi angawo? Atatero anaseka, n'kundiuza kuti ndiimirire ndisadetse buluku, mkazi wanga n'kumukumbatira.

Ndinaona kuti tebulo lawo lamatabwa linali litawola ndi madzi a nsomba. Magetsi atangoyaka ndinawawotcherera lachitsulo, lokhala ndi kangalande kotulutsira madzi, ndipo ndinakana kuti alipire. Amayi ena ataliona anayamba kuitanitsa awo. Ine amene ndinkaopa kuti matenda andithawitsira makasitomala, ndinapeza ntchito kwa anthu omwe aja ndinkawabisira.

Koma musanamizike ndi mathero okomawa. Ine ndinangochita mwayi, ndipo si onse amene amauchita. Alipo anthu amene anaika maliro chifukwa wina anati ndingothamanga n'kubwerako. Zikanandichitikira ine, palibe tebulo lachitsulo likanabweza moyo wa mayi uja, ndipo nkhani ino sindikanailemba ndikumwetulira.

Choncho ndikupempheni, makamaka inu abambo anzanga. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Achipatala akakuuzani kuti matenda anu ndi opatsirana ndipo musatuluke, kaya ndi korona, kolera kapena chikuku cha ana, khalani pakhomo. Musadzinamize kuti poti thupi lanu lili ndi mphamvu ndiye simungavulaze wina, chifukwa simudziwa chimene mnzanu wa pamzere wa tomato akudwala. Musalande foni ya mkazi wanu, amadziwa anthu amene inu simuwadziwa. Ndipo inu amene muli bwino, mukamva mnansi akutsokomola kuseri kwa khoma makatani ali otseka, musadikire kuti ayambe ndiye, mufunseni. M'makomboni mwathu muno ndife osauka, koma sitinafike posiya mwana wa mnzathu agone ndi njala tikudziwa. Chimene sitingathe ndi kuthandiza munthu amene wanena kuti kulibe. Unga ukatha, imani pazenera, itanani mnansi wanu ndi dzina lake, mumuuze kuti tadwala, tithandizeni.