Odetsa Mfuti a ku Bradford

A Dunstan Chimphamba sanawomberepo mfuti chibadwire. Ngakhale legeni ankaphonya nayo ali mwana ku Ndirande. Koma mukafunsa alenje a kuno ku Yorkshire amene angakudetsereni mpope wa mfuti mpaka kuda bii, akulozerani kashedi kena kuseri kwa magalaja ku Bradford, komwe mkuluyu wagwira ntchito zaka zisanu tsopano.

Ku Malawi anali wopenta magalimoto pagalaja ina ku Makata. Minibasi ikagubuduka Lolemba, pofika Loweruka imakhala ili pasiteji ikuwala, eni ake akulumbira kuti sinagundepo ngakhale nkhuku. Ku Mangalande anabwera motsatira akazi awo, a Joan, omwe ndi namwino. Mapepala awo ankanena poyera kuti iwo ndi wodalira mkazi, ndipo anzawo a pagalaja atamva anaseka sabata yathunthu, amati chikamwini masiku ano chafika pokwera ndege.

Ntchito yoyamba inali ya keya, yosamalira okalamba panyumba ina, koma sinawayanje. Ankadzutsa nkhalamba pabedi ngati akuzula chitseko cha minibasi, ndipo tiyi wawo ankabwezedwa chifukwa cha shuga. Panyumbapo panali mayi wina, a Daphne, amene chitsulo chawo choyendera chinasupuka penti mpaka kumachititsa manyazi. A Dunstan anapirira masiku angapo, kenako anachitenga, kuchipala ndi sandipepa, n'kuchipopera penti wofiira kuseri kwa khitchini. Abwana anawakalipira kuti aphwanya malamulo atatu nthawi imodzi. Madzulo ake amuna a Daphne, a Rowland, atabwera kudzawaona, anawerama n'kuyendetsa chala pachitsulocho kufunafuna pomwe penti wayenderera. Sanapapeze. Anafunsa amene wapenta n'kumulonjeza ntchito kushedi kwawo kokonzera mfuti, ndipo apolisi atatha kufufuza mbiri yawo, a Dunstan anavula yunifolomu ya keya osayang'ananso m'mbuyo.

A Rowland ndi okonza mfuti, ali ndi chiphaso cha boma, zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo mawu amawaumira ngati amachita kugula. A Dunstan, bambo wa ana atatu wa imvi m'ndevu, ankaitanidwa kuti "lad", kutanthauza kamnyamata. Tsiku loyamba nkhalambayo inawagwiritsa mpope wonyezimira n'kufotokoza kuti wa chitsulo wamba umangouviika m'mankhwala otentha n'kuda wokha, koma uwu wa sitenilesi, chitsulo chosachita dzimbiri, ndi wamakani. M'mankhwala omwewo ungagone tsiku lonse, umatuluka ukuwala ngati sunamve kanthu. Alenje amaugula pothawa dzimbiri la mvula ya kuno, kenako n'kuzindikira kuti paphiri umang'anima ngati lata latsopano, gwape n'kuuona akadali kutali. Ndiye amabwera nawo kuti audetse. A Dunstan anakumbukira azilongo awo a ku Limbe omwe amalimbana ndi mafuta oyeretsa khungu, koma anangomeza, poona kuti nthabwalayo ingawatengere a Rowland sabata kuti aimvetse.

Ntchito yake ndi ya munthu wodekha. Umayamba watseka mpope mbali zonse ziwiri ndi timapulagi ta labala, chifukwa m'kati modutsa chipolopolo simuyenera kulowa kanthu. Kenako umauwomba ndi mchenga wosalala wa pamakina mpaka kuwala konse kuthe, kuti penti apeze pogwira. Ukatero umausambitsa m'mankhwala ochotsa mafuta, kuupachika pawaya, kuupopera mopyapyala, n'kuulowetsa mu uvuni maola awiri. Zopoperazo a Dunstan sanachite kuphunzitsidwa, dzanja linkadziwa kale. Lamulo la a Rowland linali limodzi lokha: ukausambitsa, usaukhudzenso popanda golovesi.

Sabata yachitatu a Joan anakazinga mandasi. A Dunstan anadya awiri cha m'ma teni koloko, kupukuta manja paovolosi, n'kuwongola mpope womwe unapendekeka pawaya. Chala chimodzi chokha. Utatuluka mu uvuni unali wakuda mokongola, koma chakukamwa kwake penti anali atakana, ndipo panadindika chala chachikulu, mizere yonse ikuoneka ngati cha munthu wosainira makuponi a feteleza. Mfutiyo inali ya a Harvey, oyang'anira nkhalango ina kumpoto, ndipo anafika masana omwewo kudzaitenga. A Rowland ananyamula mpopewo n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Apolisi angasangalale aliyense atamagwira ntchito ngati iwe, lad," anatero. "Yambanso."

A Dunstan anatuluka thukuta ngakhale kunja kunkagwa sinoo. Ankaganiza za kubwerera ku tiyi wa nkhalamba. Koma a Harvey atamva chomwe chachitika, anapempha kuti aone chinthu chopalamulacho. Anadya mandasi atatu ali chiimirire, n'kunena kuti abweranso mawa. Kuyambira pamenepo ankati akapha gwape, mwendo umodzi umafika kushedi utakulungidwa m'pulasitiki.

Kutchalitchi a Dunstan ankangoti ali ku enjiniyaring'i, ndipo anthu ankagwedeza mitu mwaulemu. Zinaululika chifukwa cha a Mwelwa, mkulu wa mpingo wochokera ku Zambia, amene amayendetsa vani yoperekera katundu. Tsiku lina anabweretsa katoni kushediko n'kupeza mbale wawo mwa Ambuye atavala chophimba kumaso, mpope wa mfuti uli m'manja. Anasiya katoniyo pakhomo osadikira siginecha. Pofika Lamulungu nkhaniyo inali itanenepa. Ena amati a Chimphamba amasula mfuti, ena amati amazitumiza kumudzi m'madiramu a kaunjika.

Mapemphero atatha anawakhazika pansi m'kachipinda komwera tiyi. A Mwelwa anawerenga mavesi atatu, n'kufunsa ngati manja ogwira zida zophera angagawenso mgonero.

"Abale, ine sindipanga mfuti," anatero a Dunstan. "Imabwera yopanga kale. Ine ndimangoiveka suti."

Wina anaseka n'kusandutsa chifuwa. A Mwelwa sanaseke, anati suti kapena ayi, chinthucho chimapha. Apa ndi pomwe a Joan, omwe anali atangochoka kuchipatala ndipo mapazi ankawawawa, anaimirira.

"A Mwelwa, bambo awa akaona kangaude m'bafa amaitana ine. Ngati mukufuna munthu woopsa panyumba pathu, ndine. Tingapite? Ndili pa shifiti mawa."

Mlanduwo sunagamulidwe. Anagwirizana zoti aupempherere, zomwe pampingo umenewo zimatanthauza kuti watha.

Pa chikondwerero cha pa 6 Julaye Amalawi anasonkhana kupaki, ndipo a Dunstan anabweretsa nyama ya a Harvey, ataiviika usiku wonse mu adyo ndi tsabola wa kambuzi. Kanyenya wake anatha soseji za anthu ena zisanapse n'komwe. A Mwelwa anadya mbale yoyamba, n'kufunsa kuti mbuzi yokoma chotere aigula kuti. Atauzidwa, anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kumwamba. Kenako ananena kuti maganizo awo pa za mfuti sanasinthe ngakhale pang'ono, koma gwapeyo payekha alibe mlandu, ndipo anapereka mbale kuti awawonjezere. Mpaka lero amawadzudzulabe a Dunstan akapeza mpata, komanso ndi iwo amayamba kufunsa ngati mzungu uja wapitako kunkhalango.

A Daphne anamwalira chaka chatha, ndipo a Rowland anakalambiratu m'miyezi yochepa. Manja awo amanjenjemera, chopopera sachigwiranso. Amabwerabe m'mawa uliwonse, kukhala pampando pafupi ndi uvuni pomwe pali pofunda, kusaina mapepala a apolisi ndi kuloza ndi ndodo malo omwe akuti penti wachepa, ngakhale onse awiri akudziwa kuti sanachepe. Lamulungu lina a Joan anawaitana kudzadya kunyumba, ndipo tsopano amabwera osaitanidwa, n'kumakangana ndi ana za mpira.

Posachedwapa nkhalambayo inati ikufuna kulembetsa chikwangwani chatsopano pakhomo, chokhala ndi mayina onse awiri. A Dunstan anathokoza ndi manja awiri, koma anakana. A Rowland anadabwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anafunsa chifukwa.

Nkhani ndi yoti kumudzi mbiri inafika kale. Amalume awo a ku Ntcheu amaimba foni Loweruka lililonse kudandaula za anyani omwe atha chimanga m'munda, ndipo akufuna mfuti imodzi yokha, ngakhale yakale, ngakhale yosapenta. A Dunstan afotokoza kangapo kuti zimenezo ndi za kundende, amalumewo amangoti mwana akapita kunja amayamba kuumira. Chikwangwanicho wina atangochijambula n'kuchiika pafoni, anatero a Dunstan, mudzi wonse ukhala pamzere, ndipo anyani a ku Ntcheu ndi ambiri.

A Rowland anaganiza kwa kanthawi, n'kufunsa ngati nyani amadyedwa.