Dzina Lake Linali pa Chikuto

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mu June 2020. Anali woyang'anira nyumba yomwe kampani inkatigoneka ku Jumeirah Village Circle, kuno ku dziko la Aluya, pamodzi ndi amuna awiri a yunifolomu atavala masiki. Tinkayesa abwera kudzatiyeza korona. Anapita molunjika pa bedi lathu losanja, n'kutukula matiresi, n'kutulutsa buku. Wina m'chipindamo anali atakanena.

Bukulo linali langa. Ndinalitola ku hotela ya ku Business Bay komwe ndinkayala mabedi, mlendo ataliiwala. Linali la Chingerezi, nkhani ya amuna awiri okondana mobisa, mmodzi ali pabanja. Hotela itatsekedwa chifukwa cha mliri, ndinkaliwerenga masana anzathu akakhala pa mzere wa chakudya, n'kumamasulira mnzanga wa bedi lapansi, mlonda wa ku Mulanje. Iye Chingerezi cha m'mabuku chinkamuvuta. Ankangoti, "Aise, tabwereza pamenepo." Ngati mukufuna kudziwa, inde, ifenso tinali ngati anthu a m'bukumo.

Ndiye amene analikutira ndi pepala la khaki kuti chithunzi chisaoneke. Nanga si ku pulayimale anatizoloweza kuti ukakutira buku umalemba dzina? Analemba lake, mayina onse awiri, mpaka kudula mzere kunsi. Ndinamuseka tsiku limenelo.

Anatitengera tonse awiri ku polisi, n'kutitsekera m'zipinda zosiyana. Tsiku lachitatu anandiitana. Wofunsayo sanakweze mawu. Anaika bukulo patebulo n'kunena kuti, "Habibi, bwenzi langa, funso ndi limodzi. Ndi la ndani?"

Sanandimenye. Ndikanakonda ndikanalemba kuti anandimenya, koma ayi. Ndinayang'ana chikutocho n'kuti, "Bwana, dzina lalembedwapo."

"Iwe unawerengako?"

"Ayi, bwana. Ine ndine Mkhristu."

Mnzangayo ndinamuonanso kamodzi kokha, pakhonde, tsiku lachisanu ndi chinayi. Ankayenda mokoka mwendo, mlomo utatupa. Msilikali wondiperekeza anandiuza kuti wavomera zonse, kuti bukulo ndi lake ndipo ankawerenga yekha. Munthu woti tsamba limodzi sakanalimaliza! Mnzangayo anandigwedezera mutu pang'ono, monga ankachitira akamapita ku ntchito.

Patatha masiku khumi ndi awiri wapolisi anandibwezera lamba ndi foni. "Khalas, zatha. Yalla, pita. Iwe ndiwe munthu wabwino." Mnzangayo anakhala miyezi inayi, kenako anamukweza ndege, osadzabweranso.

Ufulu ndili nawo, eya. Ntchito ndinayambiranso, ndimakwera basi popanda wondifunsa. Koma ufulu umenewu ndi wake, ine ndikungoyendera, ndipo ndimachita nawo manyazi tsiku lililonse.

Atafika kwawo sanandiimbire, inenso sindinalimbe mtima. Mchemwali wake ndi amene ananditumizira uthenga wa mawu pa foni: "Achimwene, akuti mwa anthu onse kumeneko, ndinu nokha amene simunawataye. Mulungu akudalitseni."

Ndinaumvera kawiri nditakhala pa bedi lake. Kenako ndinayankha kuti, "Ameni, achemwali."