Galu wa Mwiza wakhoza mayeso

Monile mose a pabanja.

Mukumbuka kuti mlongo wathu Mwiza, pobwelela ku Lusaka, anandisiyila galu wake Bingo pamodzi ndi lamulo lakuti asamangogona, azigwilitsa nchito mutu. Akuti ndizimubisila chakudya kuti azichifunafuna yekha. Agalu a atate m'nthawi ya atsamunda ankagwila insa popanda sukulu, koma uyu ndi wa m'tauni, afunika mphunzitsi.

Ine kupusa, ndinamvela. Tsiku lililonse ndimaika dzila lophika m'dengu, udzu pamwamba. Akalipeza, ine kuwomba m'manja ngati ndili pa ukwati.

Lelo m'mawa wophunzila wanga wakalemba mayeso kwa apongozi. M'khitchini mwao munali dengu, m'dengumo udzu, paudzupo thadzi likufungatila mazila a nkhanga amene anakatenga wapansi ku Chikomeni. Bingo wakhoza zonse. Kwatsala makoko okha, thadzi nalo lilibe mchila.

Mudziwa kuti apongozi sangakalipile mkamwini maso ndi maso. Ndiye abwela pabwalo panga, ine nditabisala kuseli kwa nkhokwe, nawombela galuyo m'manja mwaulemu wonse: “Zikomo bambo, mwadya bwino. Mukapeleke moni kwa aphunzitsi anu. Muwauze kuti mbuzi nazonso zili ndi ana, ngati mufuna kupitiliza sekondale.”

Mkazi wanga sanandilankhulebe, ndipo mbale yanga ya masana sinaoneke.

Abale, weluzani. Kukapepesa kwa apongozi apite ndani: ine, Mwiza, kapena mwini satifiketi?