Khosi Langa Linkakana Kumanzere

Ndikukumbukira chaka chimene pikapu ya bambo anga inaima. Ndinali nditangokwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo tinkakhala m'kafulati ku Point, pafupi ndi doko la Durban. Bambo ankasamalira mabwalo a nyumba za anthu ku Glenwood: kutchetcha kapinga, kudulira mitengo, kenako kunyamula zinyalala zonsezo pa pikapu yawo yoyera, imene anthu kuno amati baki. Lendi, chakudya, yunifolomu ya mng'ono wanga, zonse zinkachokera kumbuyo kwa galimoto imeneyo.

Laisensi yawo itatha, anapita kukatenga ina, koma anawabweza pa mayeso a maso. Matenda a shuga anali atawabweretsera ng'ala. Kuchipatala anati opaleshoni ilipo, koma adikire, mzere ndi wautali. Pikapu inangokhala pansi pa fulati ikudyedwa ndi dzimbiri la mphepo ya kunyanja. Bambo ankapitabe ku Glenwood pa teksi, minibasi ya kuno, koma makina otchetchera simungakwere nawo teksi, ndipo mabwana anayamba kuwasiya mmodzimmodzi. Tsiku lina ndinamva amayi akunena kukhitchini kuti zikapitirira chonchi tingolongedza, tibwerere ku Ntcheu. Ku Ntcheu! Ine ndinachokako ndili kumsana, ndinkangokudziwa pa zithunzi za pa foni. Mantha anandigwira. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinauza bambo kuti pikapuyo ndiziyendetsa ine.

Mayeso a zikwangwani za pamsewu ndinakhoza osatuluka thukuta. Pa chiwongolero anandiphunzitsa a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina yosoka mipando ya galimoto ku Prospecton. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankanditengera komweko, chifukwa tsiku limenelo misewu ya pakati pa mafakitale imakhala zii, kumangomveka fungo la penti ndi matayala. Kilachi ndinaizolowera, kubwerera m'mbuyo ndinakudziwa, ngakhale kunyamuka pamtunda galimoto osabwerera ndinkatha. Chimene chinandivuta ndi chinthu choti nditauza anzanga a kusukulu akanandiseka mpaka kugwa.

Pa mayeso a kuno, kuyang'ana pa galasi pokha sikukwanira. Usanasinthe mzere kapena kukhota, umayenera kutembenuza mutu wonse, uyang'ane paphewa, pamalo pamene galasi silionetsa, ndipo wokuyesayo aone kuti watembenukadi. Kumanja kunalibe vuto, kuli windo basi. Koma kumanzere kumakhala munthu. Kutembenukira kumeneko ndiye kuti nkhope yako yakumana ndi nkhope ya munthu wamkulu, pafupi penipeni, mpaka kumva mpweya wake.

Ine amayi anandilera Chimalawi chenicheni, ngakhale tinali pa fulati ya ku Point. Madzi ndinkapereka nditagwada. Wamkulu akamalankhula, maso ankayenera kukhala pansi, ndipo ndikangodzutsa masowo, amayi ankati, "Ukundiyang'ana chiyani, ndine mnzako?" Kunja nakonso phunziro linali lomwelo, koma pa chifukwa china. M'teksi sitinkalankhula Chichewa, foni ikalira tinkaisiya ilire. Kusukulu ndinali Thandi, osati Tamanda. Bambo ankakonda kunena kuti kwa eni kulibe mkuwe: yenda mowerama, usayang'ane munthu m'maso, ufike kunyumba wamoyo. Ndiye khosi limene lakula chonchi mungaliuze lero kuti litembenukire kwa bambo wachilendo?

A Mbewe anazindikira msanga.

"Iwe Tamanda, khosi lakoli lili ndi chiyani? Kumanja ukuzungulira ngati kadzidzi, kumanzere ayi."

"Ndikuona pa galasi, ankolo."

"Galasi silikuonetsa zonse. Kapena ukuopa nkhope yangayi? Usadandaule, akazi anga anaizolowera, nawenso uizolowera."

Ndinaseka, koma khosi linakanabe. Pomaliza, chifukwa cha chisoni, a Mbewe anayamba kugwetsa mpando wawo chagada, kuti ndikatembenuka ndizingoona windo. Zinatheka! Mutu unkazungulira bwinobwino, iwo n'kumati, "Sharp, mwana wanga, sharp." Tonse awiri tinkadzinamiza, ndipo ine pansi pa mtima ndinkadziwa kuti wondiyesa sadzagona chagada.

Tsiku la mayeso linali lovuta kulipeza, ndipo ukalephera umadikiranso miyezi. Bambo anali atatsala ndi malo amodzi aakulu, mafulati ena a ku Glenwood, ndipo mayi woyang'anira malowo anali atanena kuti mwezi ukatha pikapu isanabwere, aitana kampani yoti izigwira ntchitoyo. Nthawi yomweyonso m'tauni munali mutayambanso maphokoso, magulu a anthu akuyenda m'misewu kuimba kuti obwera azipita kwawo. Amayi anasiya kuvala chitenje popita kumsika.

M'mawa wa tsikulo a Mbewe anayendetsa pikapu kupita kumalo a mayeso, ine pakati, bambo kuwindo. Kunali chinyontho cha ku Durban chija, bulauzi n'kumamatira kumsana dzuwa lisanakwere n'komwe. Wondiyesa anali bambo wamtali, wachizulu, wa imvi m'ndevu, atanyamula kabolodi ka mapepala. Anatsegula pasipoti yanga, n'kunena mawu amodzi okha.

"Malawi."

"Yebo, baba," ndinavomera m'Chizulu, maso ali pa nsapato zake.

Anandibwezera pasipotiyo. Ine mawu amodziwo ndinawatanthauzira m'njira zonse zoipa zimene mutu wanga unakwanitsa. Ndinati basi, zanga zada, uyu wandilepheretsa kale.

Gawo loyamba linali la m'bwalo, pakati pa mizati, ndipo iye anaima panja. Pamenepo ndinali mfumukazi. Ndinalowa chobwerera osakhudza mzati, pamtunda ndinanyamuka pikapu osabwerera ngakhale pang'ono. Kenako chitseko cha kumanzere chinatseguka, galimoto inapendekera mbali yake, ndipo fungo la sopo wake linadzaza mkati monse. Mpando sanaugwetse. Anakhala chilili, phewa lake pafupi ndi langa.

Tinalowa mumsewu. Pokhota poyamba kumanzere ndinayang'ana pa galasi, ndinayatsa indiketa, khosi gwa! Ndinangoponya diso pang'ono ngati wakuba. Ndinamva cholembera chikukanda pepala. Pokhota pachiwiri, chimodzimodzi, cholembera chinakandanso. Kukanda kulikonse ndinkaona katundu wathu akumangidwa m'zikwama, ndinkaona bambo atakhala pakhonde ku Ntcheu opanda chochita. Ndinkadzikalipira chamumtima kuti Tamanda, chitsiru iwe, tembenuka! Koma thupi linali ndi malamulo ake.

Tili pa maloboti, bamboyo analankhula motsitsa, m'Chizulu, osandiyang'ana.

"Mtsikana, ukuopa ine kapena ukuopa msewu?"

Ndinangoyang'anitsitsa nyali yofiira ya malobotiwo.

"Kutsogoloko tikhotera kumanzere," anatero.

Tinali mumzere wapakati pa msewu waukulu, mateksi akuliza mahutala mbali zonse, ndipo ndinayenera kusamukira mzere wa kumanzere. Pa galasi panalibe kanthu, msewu woyera. Ndinayatsa indiketa. Manja anali atayamba kale kukoka chiwongolero pamene funso lake linandibaya. Ndinaluma mano, ndinatembenuza mutu wonse ngati munthu amene akudzipereka kuti amumenye mbama.

Ndinaona ndevu, ndinaona maso ofiira otopa a munthu wamba. Ndipo kuseri kwa khutu lake, pawindo penipeni, ndinaona chipewa cha wanjinga yamoto, mmodzi wa anyamata operekera zakudya aja, bokosi lili kumsana. Anali pafupi moti ndikanatha kuwerenga zala zake.

"Mayo ine!"

Chichewa chinatuluka chokha, mokweza, pamaso pa munthu wa boma. Ndinawongola chiwongolero, njinga inadutsa fyuu, mwini wake osadziwa n'komwe kuti amayi ake anatsala pang'ono kulira maliro. Ndinayang'ananso paphewa, ndinalowa mumzere, ndinakhota. Cholembera sichinakande. Kuyambira pamenepo ndinatembenuka paliponse poyenera, misozi ili m'maso, osati chifukwa mantha anatha ayi, koma chifukwa ndinali nditapeza chinthu choopsa kuposa nkhope yake.

Titabwerera, anawerengera zolakwa zanga nthawi yaitali, ine nditagwirabe chiwongolero. Kenako anati, "Uphasile," kutanthauza kuti ndakhoza, n'kuwonjezera kuti kunatsala pang'ono. Za Malawi sanatchulenso. Mpaka lero sindidziwa ngati munthu uja ankatida kapena ankangowerenga zimene zinalembedwa pa pasipoti.

Nditatenga chikalata choyendera podikira laisensi yeniyeni, a Mbewe anakwera kumbuyo kwa pikapu akuti lero iwo ndi katundu. Bambo anakhala kumanzere kwanga. Pageti ndinkafuna kukhotera kumanja, choncho ndinayang'ana uku, kenako ndinatembenukira kumanzere monga ndinali nditangophunzira. Aka kanali koyamba kuona nkhope ya bambo anga pafupi chotero chikulireni. Ng'ala imene ndinkangoimva kutchulidwa ndinaiona ndi maso anga, yoyera mbuu m'maso onse awiri. Iwo anali akumwetulira, atasuzumira pawindo kuti andithandize.

"Kuno kulibe kanthu, mwanangu. Tiye."

Kunkabwera basi, chibasi chachikulu chodzaza anthu, chitayatsa ndi nyali zomwe. Ndinaponda buleki mwamphamvu mpaka bondo linawawa. Basi inadutsa, pikapu inagwedezeka ndi mphepo yake, ndipo bambo anachotsa nkhope pawindo, manja ali pamaondo.

Mafulati a ku Glenwood sanatichoke, ndipo ku Ntcheu ndinakafikako patapita zaka, kokacheza. Ulemu wa kwathu sindinautaye, madzi ndimaperekabe nditagwada. Koma pano ndikudziwa kuti bambo anayendetsa galimoto ija miyezi yambiri ndi maso amenewo, m'misewu yomweyi, kuti ife tidye. Tinkadya nawo pamodzi tsiku lililonse, ndipo ine, mwana wawo waulemu, sindinaone kanthu, chifukwa maso anga anali pansi.